Lamba wa pulezidenti: mafunso ndi mayankho

Kukangochitika mwambo wolumbiritsa mtsogoleri ku Brazil, ku Mexico kapena ku Chile, zithunzi zimayamba kuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo anthu amafunsa mafunso omwewomwewo okhudza nsalu imene mtsogoleriyo wavala mopingasa pachifuwa. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna kufotokoza bwinobwino.

Kodi nsalu yopingasa pachifuwa ija n'chiyani?

Ndi lamba wa udindo wa pulezidenti. Amasokedwa ndi nsalu yapamwamba, kawirikawiri ya silika. Amachoka paphewa limodzi, n'kudutsa pachifuwa ndi kumsana, n'kukakumana m'chiuno mbali inayo, pomwe pamalendewera mphonje zagolide. Mitundu yake ndi ya mbendera ya dzikolo, ndipo pambali yodzera pachifuwa amapetapo chizindikiro cha dziko ndi ulusi wagolide. M'mayiko olankhula Chisipanishi amamutchula kuti banda presidencial, pomwe ku Brazil, kolankhula Chipwitikizi, amati faixa presidencial.

Ntchito yake ndi imodzi basi: kuonetsa kuti pagulu lonselo, amene wanyamula udindo wa mtsogoleri wa dziko panthawiyo ndi uyu. N'chifukwa chake amavala munthu mmodzi yekha, ndipo nthawi yake ikatha amavula anthu onse akuona.

Ndi mayiko ati amene ali ndi mwambo umenewu?

Kwawo kwenikweni ndi ku Latin America. Mexico, Guatemala, Honduras, El Salvador, Nicaragua, Costa Rica, Panama, Dominican Republic, Colombia, Venezuela, Ecuador, Peru, Bolivia, Chile, Argentina, Uruguay, Paraguay ndi Brazil onse amaveka mtsogoleri wawo lamba. Kumeneko nyuzipepala ikalemba kuti wakutiwakuti akufuna kuvala lamba, aliyense amamva kuti munthuyo akufuna upulezidenti. Mayiko ena a mu Africa ndi a ku Ulaya alinso ndi malamba, koma ambiri mwa iwo ndi a mtundu wina. Zimenezi tazifotokoza m'mafunso a kumapeto.

Mwambowu unachokera kuti?

Unachokera ku Ulaya, kwa asilikali ndi kwa mafumu. Kalekale akuluakulu a asilikali ankakoleka lupanga pa lamba wopingasa paphewa, ndipo ankavalanso nsalu zamitundu kuti pankhondo adziwike mbali imene ali. Pambuyo pake mafumu anayamba kupereka malamba otambalala kwa anthu amene akufuna kuwalemekeza. Ku Spain, mfumu Carlos III inakhazikitsa ulemu wotere mu 1771, ndipo lamba wake ndi wabuluu wowala ndi woyera.

Mayiko a ku America amene ankalamulidwa ndi Spain atayamba kudzimasula m'zaka za m'ma 1810 ndi 1820, anakumana ndi vuto limene mayiko aufumu analibe. Mfumu inkadziwika ndi chisoti ndi mpando wake. Nanga mtsogoleri wosankhidwa, wovala ngati anzake onse, anthu amudziwa bwanji? Chisoti anachikana, chifukwa ndi chimene ankalimbana nacho. Anatenga lamba, amene anthu anali atazolowera kale kumuona pa akuluakulu, n'kumupatsa mitundu ya mbendera yatsopano. Ku Buenos Aires, msonkhano wa nthumwi unagamula mu 1814 kuti mtsogoleri wamkulu, Gervasio Antonio de Posadas, azivala lamba woyera pakati ndi wabuluu m'mbali, ndipo mitundu imeneyi ndi imene a Argentina akugwiritsabe ntchito.

Brazil inachedwerapo chifukwa inakhala ndi mfumu yakeyake mpaka 1889. Lamba wa kumeneko anakhazikitsidwa ndi lamulo la nambala 2,299 la pa 21 Disembala 1910, m'nthawi ya pulezidenti Hermes da Fonseca. Lamulolo linanena kuti akhale wa silika, wa mitundu ya dziko, wotambalala masentimita 15.

Ndiye kuti munthu akangovala lambayu wakhala pulezidenti?

Ayi. Chimene chimapatsa munthu mphamvu ndi malamulo oyendetsera dziko komanso lumbiro limene amachita. Lamba amabwera pambuyo, ngati umboni wooneka ndi maso wa chinthu chimene chachitika kale. Ku Brazil zimaonekeratu poyera, chifukwa lumbiro limachitikira kunyumba ya malamulo, ndipo mtsogoleri amakalandira lamba pambuyo pake kunyumba ina, ya Planalto, komwe kuli ofesi ya pulezidenti. Akamakwera kupita kukalandira, amakhala ali kale pulezidenti. A ku Ecuador anachita kulemba mfundoyi pa lamba penipenipo. Pamakhala mawu akuti "Mi poder en la Constitución", kutanthauza kuti mphamvu zanga zili m'malamulo oyendetsera dziko.

Koma tisamupeputse lambayu chifukwa cha zimenezi. Anthu ambiri m'dziko sawerenga malamulo, ndipo mawu a lumbiro amatha m'mphindi imodzi. Chimene chimatsala m'mutu mwa anthu ndi chithunzi cha munthu amene dzulo ankalamula asilikali, apolisi ndi chuma chonse cha boma, lero akukweza manja, kuvula nsalu n'kuipereka kwa mnzake, mwinanso mnzakeyo ndi amene ankamunyoza pa kampeni. Ife tikuona kuti phindu lonse la lamba lili pa mphindi imeneyi. Kuvala n'kosavuta. Chimene dziko limafuna kuona ndi kuvulako.

Ku Peru mu Novembala 2020 lamba anadutsa pa mapewa a anthu atatu m'masiku ochepa chabe. Aphungu anachotsa a Martín Vizcarra pa 9, a Manuel Merino analumbira pa 10 n'kutula pansi udindo pa 15 anthu atachita zionetsero zoopsa, ndipo a Francisco Sagasti analumbira pa 17. A Merino anavaladi lamba, koma sanawatchinjirize kwa anthu amene sankawafuna.

Amaveka mtsogoleri watsopano ndani?

Dziko lililonse lili ndi njira yake, ndipo njirazo zimasonyeza mmene dzikolo limaganizira za kumene mphamvu zimachokera.

Ku Brazil, wotuluka ndi amene amaveka wolowa. Amamudikira pamwamba pa njira yotsetsereka yokwerera m'nyumba ya Planalto mumzinda wa Brasília, kenako awiriwo amakaima pansanja yoyang'anizana ndi khamu la anthu. Pa 1 Januwale 2003, a Fernando Henrique Cardoso akuvula lamba kuti aveke a Luiz Inácio Lula da Silva, magalasi awo a m'maso anakodwa n'kugwa pansi, ndipo a Lula anawerama kukawatola. Anthu a ku Brazil amakumbukirabe kanthu kakang'onoka. Tsikulo linali lalikulu chifukwa panali patapita zaka zoposa 40 pulezidenti wosankhidwa ndi anthu asanaperekepo lamba kwa mnzake wosankhidwanso ndi anthu.

Ku Mexico, lamulo lokhudza chizindikiro cha dziko, mbendera ndi nyimbo ya fuko limanena kuti wotuluka apereke lamba kwa wapampando wa nyumba ya malamulo, iyeyo apereke m'manja mwa pulezidenti watsopano, ndipo watsopanoyo adziveke yekha. Lamba sachoka kwa munthu kupita kwa munthu mwachindunji ngati cholowa cha pabanja. Amayamba wabwerera kwa oimira anthu. Pa 1 Okutobala 2024, amene anali pakati pa a Andrés Manuel López Obrador ndi mayi Claudia Sheinbaum anali mayi Ifigenia Martínez, wokalamba kwambiri, amene anabwera pa njinga ya odwala atavala zothandizira kupuma. Anamwalira patangopita masiku anayi.

Ku Chile, mwambo umachitika pa 11 Malichi kunyumba ya malamulo mumzinda wa Valparaíso, ndipo amaveka ndi mtsogoleri wa Seneti, imodzi mwa nthambi ziwiri za nyumba ya malamulo. Mu 2014 udindo umenewu unali ndi mayi Isabel Allende Bussi, mwana wa pulezidenti Salvador Allende amene anafera m'nyumba ya boma pamene asilikali ankalanda dziko mu 1973. Amene ankavekedwa anali mayi Michelle Bachelet, amene bambo awo, mkulu wa asilikali a m'ndege, anafera m'ndende ya boma lomwelo la asilikali mu 1974. Amayi awiriwa anakumbatirana, ndipo m'nyumbamo munalibe wofunika kumufotokozera chifukwa chake.

Ku Colombia nakonso ndi ntchito ya mtsogoleri wa Seneti, koma pa 7 Ogasiti 2022 iye anaitana phungu María José Pizarro kuti ndiye aveke a Gustavo Petro. Bambo a phunguyu, Carlos Pizarro, ankatsogolera gulu la zigawenga la M-19, limene a Petro analinso membala wake ali mnyamata. Anaphedwa mu 1990 atatula zida n'kuyamba kupikisana nawo pa upulezidenti.

Nanga wotuluka akakana kupereka, zimatha bwanji?

Boma latsopano limayamba ndithu, monga tanenera pa funso la lumbiro. Chimene chimawonongeka ndi mbiri ya wokanayo, komanso mtima wa omutsatira, amene amatengapo phunziro lakuti chisankho sichinathe.

Pa 15 Malichi 1985, ulamuliro wa asilikali wa zaka 21 ku Brazil unkatha. Pulezidenti wosankhidwa, a Tancredo Neves, anagonekedwa m'chipatala usiku woti mawa alumbira, choncho analumbira ndi wachiwiri wawo, a José Sarney. Mkulu wa asilikali amene ankatuluka, a João Figueiredo, ankadana ndi a Sarney chifukwa anachoka m'chipani cha boma n'kupita kotsutsa. Anakana kuwaveka, ndipo anachoka ku Planalto mwambo usanayambe. A Neves anamwalira pa 21 Epulo asanalumbire n'komwe.

Ku Argentina mu Disembala 2015, mkangano unali pa malo. Mayi Cristina Fernández de Kirchner ankafuna kuperekera lamba ndi ndodo kunyumba ya malamulo, pomwe a Mauricio Macri ankafuna kulandirira kunyumba ya boma ya Casa Rosada. Nkhani inafika kukhothi, limene linagamula kuti nthawi ya mayiwo itha pakati pa usiku wa pa 9 Disembala. Mayiwo sanapite kumwambo. Kwa maola pafupifupi 12 dziko linali m'manja mwa a Federico Pinedo, mtsogoleri wogwirizira wa Seneti, ndipo ndi iwowo amene anaveka a Macri.

Nkhani imene ambiri anaiona pa intaneti ndi ya pa 1 Januwale 2023. A Jair Bolsonaro, atagonja pachisankho, anakwera ndege kupita ku Florida pa 30 Disembala. Okonza mwambo anasankha anthu asanu ndi atatu kuti aimire mtundu wonse wa Brazil. Panali mfumu Raoni Metuktire ya anthu a m'nkhalango ya Amazon, mwana wamwamuna wazaka 10, mphunzitsi, wophika, wogwira ntchito m'fakitale ya zitsulo, munthu wolumala ndi ena. Anakwera limodzi ndi a Lula atagwirana manja, lamba anadutsa m'manja mwa aliyense, ndipo womaliza, mayi wakuda amene ntchito yake ndi kutola zinyalala zoti zikakonzedwenso, ndiye anawaveka. A Lula analira. Linali yankho lanzeru kwambiri, chifukwa linabwezera lamba kwa eni ake enieni. Komabe bala la kukana kuja silinapole: patangotha sabata imodzi, pa 8 Januwale, otsatira a Bolsonaro anathyola ndi kuwononga nyumba ya Planalto yomweyo, nyumba ya malamulo ndi khothi lalikulu.

Kodi amavala tsiku lililonse akamapita kuofesi?

Ayi, ndi wa masiku akuluakulu okha. Lamulo la ku Mexico limatchula nthawi zimene pulezidenti ayenera kuvala: polandira ndi popereka udindo, popereka lipoti lake la pachaka kunyumba ya malamulo, usiku wa pa 15 Seputembala pokumbukira mfuu imene inayambitsa nkhondo ya ufulu mu 1810, komanso polandira zikalata za akazembe a mayiko ena. Ku Brazil mumamuona pa perete wa pa 7 Seputembala, ku Peru pa 28 Julayi, ku Chile pa zikondwerero za ufulu za pa 18 ndi 19 Seputembala. Amavalanso pojambulitsa chithunzi chopachika m'maofesi a boma.

Amayenera kuchokera phewa liti, ndipo mitundu imasanjidwa motani?

M'mayiko ambiri amachokera paphewa lamanja kupita m'chiuno chakumanzere, mbali imene msilikali ankakolekako lupanga. Malamulo a Brazil ndi a Mexico amanena zimenezi momveka. A ku Mexico amawonjezera kuti lamba azikhala mkati mwa jekete, kupatula pamwambo wosinthana udindo pomwe amavalidwa pamwamba kuti aoneke yense. Choncho mukaona chithunzi cha pulezidenti wa Mexico lamba akungosuzumira pakati pa jekete, si kuti walakwitsa kavalidwe.

Kasanjidwe ka mitundu nako kamakambidwa mpaka kunyumba ya malamulo. Kwa zaka zambiri lamba wa Mexico ankakhala ndi mtundu wobiriwira pamwamba, woyera pakati, wofiira pansi. Mu 2010, m'nthawi ya a Felipe Calderón, anasintha lamulo kuti wofiira ukhale pamwamba, ndipo a Enrique Peña Nieto anavala choncho zaka zawo zonse zisanu ndi chimodzi. Mu 2018 aphungu anabwezeretsa wobiriwira pamwamba, a López Obrador atatsala pang'ono kulumbira pa 1 Disembala. Pongoona mtundu umene uli pamwamba mutha kudziwa nyengo imene chithunzi chinajambulidwa.

Wa ku Brazil ndi wobiriwira wokhala ndi mzere wachikasu pakati. Wa ku Peru ndi wofiira, woyera, wofiira. Wa ku Colombia, ku Ecuador ndi ku Venezuela ali ndi chikasu, buluu ndi kufiira, chifukwa mayiko atatuwa anali dziko limodzi m'nthawi ya Simón Bolívar, amene anatsogolera nkhondo yawo ya ufulu.

Kodi lamba ndi mmodzi yemweyo kuyambira kale, kapena aliyense amasoketsa wake?

Nsalu imatha, komanso anthu amasiyana misinkhu. Chifukwa cha ichi, m'mayiko monga Chile, Argentina ndi Mexico mtsogoleri aliyense amamuyeza n'kumusokera wake, ndipo akachoka pampando ena amasunga kwawo, ena amapereka kumalo osungirako zinthu zakale. Ku Brazil lamba ndi katundu wa boma amene amagwira ntchito kwa atsogoleri angapo, ndipo amasoketsa wina wakale akaperepeseka.

Osoka nawonso amasiyana. Wa mayi Sheinbaum anasokedwa kufakitale ya zovala ya asilikali. A Gabriel Boric a ku Chile mu 2022 anapereka ntchitoyi kwa amayi a bungwe la atelala wamba, pofuna kuonetsa anthu amene boma lawo likufuna kuwaimira. Mbali yotenga nthawi kwambiri ndi kupeta chizindikiro cha dziko, chifukwa kumachitika pamanja, ulusi umodziumodzi.

Ngati aliyense ali ndi wake, chimene chimaperekedwa kwenikweni n'chiyani?

Ku Chile ndi kanyenyezi. Kumapeto kwa lamba, m'chiuno, amakolekako nyenyezi ya nsonga zisanu, yofiira, yaikulu masentimita pafupifupi 7, yotchedwa piocha de O'Higgins pokumbukira Bernardo O'Higgins, mtsogoleri wa nkhondo ya ufulu. A ku Chile amati mphamvu zimaperekedwa pamene wotuluka wakolowola nyenyeziyi n'kuikoleka pa lamba wa wolowa. Pali chikhulupiriro chakuti ikagwa pansi pamwambo ndiye kuti ndi malodza. Anthu amasimba kuti inagwa kwa José Manuel Balmaceda mu 1886, amene ulamuliro wake unathera m'nkhondo yapachiweniweni ya 1891, ndiponso kwa Arturo Alessandri mu 1920, amene asilikali anamuchititsa kuchoka m'dziko mu 1924. Nyenyezi yoyambirira inasowa pa 11 Seputembala 1973, ndege zankhondo zitaphulitsa nyumba ya boma ya La Moneda. Imene ilipo lero anachita kusula potengera zithunzi za yakaleyo.

Ku Argentina lamba amayendera limodzi ndi ndodo ya ulamuliro, ya mtengo wokongoletsedwa ndi siliva. Mmisiri Juan Carlos Pallarols ndiye anatchuka ndi kusula ndodozi kuyambira pa a Raúl Alfonsín mu 1983, demokalase itabwerera. Ku Venezuela pulezidenti amavala mkanda wokhala ndi kiyi wa bokosi losungiramo chikalata cha ufulu wa dzikolo. Ku Bolivia kuli mendulo yagolide ndi dayamondi imene nyumba ya malamulo inapatsa Bolívar mu 1825, ndipo iye analemba mu wilo yake kuti idzabwezedwe ku Bolivia. Ku Brazil, pomwe lamba amakumana pamakhala chomangira chagolide chokhala ndi timiyala ta dayamondi 21.

Zinthu zimenezi zimagwira ntchito yofanana ndi ya mpando kapena ndodo pa tsiku lolonga ufumu kumudzi: munthu amasintha, koma chinthucho chimatsala kuti chiuze anthu kuti udindo ndi womwe uja.

Kodi zinthu zamtengo wapatali chonchi zinabedwapo?

Inde. Usiku wa pa 7 Ogasiti 2018, msilikali amene anapatsidwa mendulo ya Bolívar ndi lamba kuti apite nazo ku Cochabamba, komwe kunali perete wa asilikali m'mawa mwake, anatsalira ndege. Anasiya chikwama m'galimoto mumzinda wa El Alto n'kulowa m'malo achisangalalo, ndipo pobwerera anapeza chikwama palibe. Pulezidenti wa Bolivia panthawiyo, a Evo Morales, anaonerera perete opanda lamba, opanda mendulo. Tsiku lomwelo akubawo, ataona kuti dziko lonse likusaka, anasiya katunduyo pakhomo la tchalitchi china mumzinda wa La Paz n'kudziwitsa atolankhani. Masiku onse mendulo imeneyi imasungidwa kubanki yaikulu ya dzikolo.

Ku Brazil chomangira chagolide chija chinasowa kwa kanthawi mpaka apolisi anayamba kufufuza. Chinapezeka mu 2016 chili pansi pa kabati m'nyumba ya Planalto momwemo.

Kodi munthu amene si pulezidenti angavale?

Ku Mexico lamulo limanena mosabisa kuti lamba ndi mbendera ya dziko m'maonekedwe ena, ndipo wovala ndi pulezidenti yekha. Koma poti chithunzi cha munthu wovala lamba chili ndi mphamvu, andale akhala akuchigwiritsa ntchito pofuna kuuza anthu kuti mwini mpando ndi iwo. Pa 20 Novembala 2006, a López Obrador, amene ankakana kuti anagonja kwa a Calderón pachisankho chimene anasiyana mavoti osakwana 1 peresenti, anasonkhanitsa khamu pabwalo lalikulu la Zócalo mumzinda wa Mexico City n'kuvekedwa lamba wawo, wokhala ndi chiwombankhanga chojambulidwa mosiyana ndi cha boma, n'kudzitcha pulezidenti wovomerezeka. Lamba weniweni anadzavala patapita zaka 12, atapambana pachisankho.

Nkofunikanso kuyang'ana manja amene akuveka. Pa 12 Novembala 2019, a Morales atatula pansi udindo n'kuthawira ku Mexico, mayi Jeanine Áñez analengeza kuti atenga upulezidenti wa Bolivia, ndipo chithunzi chimene chinafalikira chinali cha msilikali wovala yunifolomu akuwakonza lamba paphewa. Kwa amene ankati uku kunali kulanda boma, chithunzichi chinali umboni wawo waukulu. Ndipo pa 7 Disembala 2022, a Pedro Castillo a ku Peru anavala lamba powerenga pa kanema uthenga wothetsa nyumba ya malamulo, mapepala akunjenjemera m'manja. Asilikali ndi apolisi sanawamvere. Dzuwa lisanalowe anali atamangidwa, ndipo lamba anali paphewa la wachiwiri wawo, mayi Dina Boluarte.

Bwanji pulezidenti wa United States savala? Nanga wa ku France?

Ku United States kulibe chovala chilichonse cha udindo wa pulezidenti. Mwambo wonse wagona pa lumbiro limene linalembedwa m'malamulo a dzikolo, ndipo amalumbiritsa ndi jaji wamkulu.

Ku France pulezidenti ndi mkulu wa ulemu wa Légion d'honneur, umene Napoleon Bonaparte anakhazikitsa mu 1802, ndipo lamba wake ndi wofiira. Amenewa si lamba wa upulezidenti, chifukwa anthu ena olandira ulemu wapamwamba kwambiriwo amavalanso. Charles de Gaulle ndi Georges Pompidou anajambulitsa zithunzi zawo za boma atavala, koma Valéry Giscard d'Estaing mu 1974 anasankha suti wamba, ndipo onse omutsatira achita chimodzimodzi. Amene amavala malamba a mitundu ya mbendera ku France ndi mameya ndi aphungu. Meya amaika buluu kufupi ndi khosi, phungu amaika kufiira. Ku Italy nakonso meya amavala lamba wa mbendera pomangitsa maukwati ndi pamiyambo ya boma.

Nanga kuno ku Africa, ndi kwathu ku Malawi?

M'mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi France, monga Senegal ndi Côte d'Ivoire, lamba amene mumamuona pa mtsogoleri ndi wa ulemu wapamwamba wa dzikolo, potengera dongosolo la ku France lomwe tafotokoza pamwambapa. Ku Zimbabwe, a Emmerson Mnangagwa atalumbira pa 24 Novembala 2017 pabwalo la National Sports Stadium ku Harare anavekedwa lamba wobiriwira, ngati amene a Robert Mugabe ankavala. A Mugabe, amene anatula pansi udindo masiku atatu m'mbuyomo asilikali atalowererapo, kunalibe. Ku Democratic Republic of Congo, pa 24 Januwale 2019, a Joseph Kabila anaveka a Félix Tshisekedi lamba wa mitundu ya mbendera ku Kinshasa. Kanali koyamba chilandirire ufulu mu 1960 kuti mtsogoleri wa dzikolo apereke udindo kwa mnzake mwamtendere, ngakhale a Martin Fayulu, amene ankapikisana nawo, ndi anthu ambiri oona za chisankho anatsutsa zotsatira zake.

Kwathu chizindikiro chimene anthu amadikira kuona ndi lupanga. Pulezidenti amalumbira pamaso pa jaji wamkulu, kenako amalandira lupanga kuchokera kwa mkulu wa asilikali, kusonyeza kuti tsopano ndiye wamkulu wa asilikali onse. A Lazarus Chakwera analumbira pa 28 Juni 2020 ku Lilongwe ndipo analandira lupanga pa 6 Julayi ku Kamuzu Barracks, pamwambo wa anthu ochepa chifukwa cha Covid-19. Ku Kenya amapereka lupanga pamodzi ndi buku la malamulo oyendetsera dziko, ndipo wopereka ndi wotuluka, monga anachitira a Uhuru Kenyatta kwa a William Ruto pa 13 Seputembala 2022 ku Kasarani, chonsecho pa kampeni a Kenyatta ankathandiza wopikisana ndi a Ruto.

Si kuwononga ndalama pa zachabechabe kumeneku?

Funsoli limabwera kawirikawiri ndipo ndi lomveka, makamaka m'mayiko momwe zipatala zikusowa mankhwala. Koma mukawerengera zimene zimalowa pamwambo wolumbiritsa, monga ndege za alendo, mahotela, chitetezo ndi madyerero, nsalu ya mamita awiri ndi gawo laling'ono zedi. Ofuna kupulumutsa ndalama ayambire kumadyererowo. Chimene tingadandaule nacho ndi mtsogoleri amene amakonda lamba mopitirira muyeso, kumuvala pamisonkhano ya chipani kapena pazikwangwani za kampeni, chifukwa pamenepo watenga chinthu cha dziko lonse n'kuchisandutsa cha gulu lake. N'chifukwa chake tikuona kuti a ku Mexico anachita bwino kulemba m'lamulo masiku ovalira.

Kodi lamba wa pulezidenti wamkazi amasiyana ndi wa mwamuna?

Mitundu, chizindikiro ndi phewa lochokera n'zimodzimodzi. Chosiyana ndi muyeso, poti amasokedwa molingana ndi thupi la wovala, komanso kavalidwe, chifukwa malamulo akale analembedwa poganizira munthu wa suti ndi tayi. Amayi ambiri amavala pamwamba pa diresi kapena pamwamba pa jekete.

Mayi woyamba padziko lonse kukhala ndi udindo wotchedwa pulezidenti anali Isabel Perón wa ku Argentina, amene analowa m'malo mwa mwamuna wake Juan Perón atamwalira pa 1 Julayi 1974. Mayi Violeta Chamorro a ku Nicaragua anavekedwa pa 25 Epulo 1990 m'bwalo la masewera ku Managua ndi a Daniel Ortega, amene anawagonjetsa pachisankho dziko likutuluka m'nkhondo. Pambuyo pawo panabwera mayi Mireya Moscoso ku Panama mu 1999, mayi Bachelet ku Chile mu 2006, mayi Fernández de Kirchner ku Argentina mu 2007, mayi Laura Chinchilla ku Costa Rica mu 2010, mayi Dilma Rousseff ku Brazil mu 2011 ndi mayi Xiomara Castro ku Honduras mu 2022. Mayi Fernández de Kirchner atasankhidwanso mu 2011 panalibe wotuluka woti awaveke, ndipo mwamuna wawo Néstor Kirchner, amene anawaveka ulendo woyamba monga pulezidenti wotuluka, anali atamwalira chaka chapitacho. Anawaveka ndi mwana wawo wamkazi.